Dontho la Vinyo wa Sabata

Nkhaniyi ndi yopeka. Ikuchitika mumzinda wa Alesandriya, ku Igupto, m'dziko limene Chikhristu sichinayambe n'komwe. Mabasi ndi mawailesi alimo, koma Kaisara wa ku Roma akulamulabe, ndipo anthu ambiri akupembedzabe milungu ya makolo awo.

1. Kansalu ka pachala

Achemwali a Adina anafika kwathu kutatsala masabata atatu kuti Tsiku la Kaisara likwane. Anabwera ndi kachikwama kamodzi, chitupa, ndi kansalu komanga pachala chaching'ono cha dzanja lamanja. Anati achokera ku Kurene, amuna awo anamwalira, ndipo akufuna ntchito.

Amayi anga, a Hulida, amaotcha buledi wogulitsa mu Msewu wa Oluka Maukonde. Sanafunse zambiri. Anayang'ana chitupacho, anaona chidindo cha buluu cholembedwa kuti "Wobadwa Myuda," n'kuloza chipinda cha achimwene anga.

"Chipinda chimenecho chili ndi mwini wake," ndinatero.

"Mwini wake akuphwanya miyala kuchipululu," amayi anayankha. "Kodi bedi likamakhala lopanda munthu ndiye kuti abwera msanga?"

Ine ndine Tiriza. Nthawi imeneyo ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Sukulu ndinaisiya tsiku limene anagwira achimwene anga, a Eliyakimu, ndipo zotsala ndaphunzira ndekha m'mabuku amene anasiya pansi pa bedi lomwelo.

Lamulo la Kaisara ndi lotere. Wobadwa Myuda amamusiya: sathira lubani pamoto wa fano monga amachitira ena onse pa Tsiku la Kaisara, sagwira ntchito pa Sabata, ndipo milandu yake amaweruza ndi akulu ake. Mumzinda muno, pa anthu atatu alionse mmodzi ndi wathu. Koma munthu wobadwira m'nyumba ya milungu akasiya milunguyo n'kubwera kwa ife, boma limati wabera Kaisara. Otere timawatchula kuti olowa. Amaphunzira mobisa chaka chathunthu, kenako amasambitsidwa m'nyanja pamaso pa mboni, n'kutuluka m'madzimo ali Ayuda. Wolowa akagwidwa amapita ku miyala. Womuphunzitsa amapita ku miyala. Sunagoge amene anamulandira amamukhomera matabwa pachitseko.

Achimwene ankaphunzitsa olowa. Munthu amene ankadya nafe mbale imodzi ndi amene anakawaneneza. Ndiye mundimvetse ndikanena kuti alendo sindinkawakonda.

Tsiku lokonzekera Sabata ntchito imachuluka, chifukwa dzuwa likangolowa moto sukolezedwanso, nsalu sing'ambidwa, mfundo simangidwa. Tsiku limenelo tinali atatu pa mtanda, manja ali mbuu ndi ufa. Amayi anayang'ana dzanja la a Adina.

"Achemwali, kansalu kanuko kada ngati chopukutira mapoto. Mukufuna msewu wonse udye bala lanu?"

"N'kabala kakang'ono, mayi. Ndikanda ndi dzanja linali."

"Mukande ndi dzanja limodzi? Kodi tikuphikira njiwa? Bweretsani kuno."

Amayi anagwira chalacho, anasolola kansaluko n'kukaponya mu uvuni. Ine ndinali pafupi, ndipo ndinayang'anitsitsa. Panalibe bala. Panalibe chipsera, ngakhale kachiphuphu. Chalacho chinali chosalala kuposa changa.

"Mwaona? Chinapola kalekale," amayi anatero, n'kubwerera ku mtanda.

A Adina sanaseke. Anayang'ana kansalu kaja kakupsa ngati munthu amene basi yamusiya. Chakumadzulo ndinawaona akufunafuna kansalu kena, koma lipenga la kusunagoge linalira asanakapeze, ndipo Sabata linalowa.

2. Malamulo awiri

M'mawa mwake, titatha kuwerenga Chilamulo, a Dositeyo anaimirira. Iwo ndi mkulu wa sunagoge wathu, nkhalamba ya miyendo yotupa imene imayenda ndi ndodo ziwiri. Anadikira mpaka ana atasiya phokoso.

"Ana anga, Tsiku la Kaisara latsala masiku asanu. Chaka chino mtsinje sunadzaze, tirigu wachepa, ndipo pa wailesi ayamba kale kunena kuti milungu yakwiya chifukwa utsi wa lubani wachepa mumzinda. Mukudziwa amene akunenedwa.

"Ine ndayenda. Ku Roma ndinafika, ku Antiokeya ndinafika, ku Perisiya ndinakhala zaka zinayi. Kulikonse ndinapeza anthu athu ali ndi minda, ali ndi ngalawa, ena madokotala, ena asilikali. Palibe anatitsekera mumpanda. Palibe anatisokera chizindikiro pamalaya. Kwa anthu amenewa Mulungu wathu ndi mmodzi mwa milungu zikwi, kungoti ndi wamakani, amakana kukhala pashelefu ndi anzake. Amatiseka kuti ndife alesi, ogona tsiku limodzi pa masiku asanu ndi awiri. Amatiseka kuti m'nyumba yathu yopemphereramo mulibe choti munthu n'kugwadira. Tikadakhala kagulu kochepa, mwina bwenzi akungotiseka mpaka lero.

"Koma sitili ochepa. Akazi awo ayamba kuyatsa nyale madzulo a Sabata. Antchito awo akufunsa chifukwa chake wantchito wa Myuda amapuma pamene iwo sapuma. Ogulitsa nkhosa za nsembe akubwerera nazo kunyumba. Ndiye asiya kutiseka. Tsopano akutisuzumira, nyumba ndi nyumba.

"Choncho mverani. Musakhulupirire chitupa, pakuti chidindo amasema ndi munthu. Musakhulupirire misozi. Musakhulupirire ngakhale pakamwa potsetsereka ndi mapemphero. Yasoni, amene anagulitsa mwana wa a Hulida, anakhala nafe zaka ziwiri osalakwitsa liwu ndi limodzi lomwe. Ife obadwira muno timalakwitsa, timayasamula, timaiwala ndime. Iye ayi.

"Malamulo anga ndi awiri okha. Loyamba: dzina la wolowa silifunsidwa ndipo silitchulidwa, ngakhale kwa mkazi wako kuchipinda. Lachiwiri: ukaona chokayikitsa, ubwere kwa ine. Osati kwa mnzako, osati pampopi wotungira madzi, osati kwa munthuyo ndi zibakera. Kwa ine ndekha. Ndikunena ndi iwe, Tiriza, usayang'ane kudenga."

Anthu anaseka. Ine sindinaseke.

3. Chikho

Masana tinali ndi mlendo patebulo, a Manase. Anali atabwera kuchokera ku Antiokeya chaka chathacho, analibe banja, ndiye Sabata lililonse ankadya nyumba ina. Azimayi ankawalimbirana. Akamaimba, ngakhale ogulitsa nsomba panja ankasiya kuitanira, ndipo a Dositeyo akaphonya liwu powerenga, amene ankawakonza ndi iwowa. Tonse tinkawatchula kuti aphunzitsi.

Amayi anatulutsa mazira ofiirira ogonera mu uvuni, mphodza, ndi nsomba zokazinga dzulo lake.

"A Hulida, mazira anuwa," a Manase anatero akununkhiza mbale, "Kaisara atawalawa angadzisemere yekha chidindo cha buluu."

"Aa, musatiphetse, aphunzitsi, mawindo ali otsegula," amayi anayankha, akuseka mpaka kugwira pachifuwa.

A Manase anadzaza chikho, anadalitsa vinyo, anamwa, n'kupatsira a Adina. Kuchoka kwa iwo chinayenera kubwera kwa ine, kenako kwa amayi.

Anthu a m'makachisi samwa vinyo asanapatse milungu yawo. Amapendeketsa chikho pang'ono, n'kukankhira pansi dontho loyamba ndi chala chaching'ono. Amazichita paukwati, pamaliro, ngakhale pamalo oimira basi, osaganiza n'komwe. Kwa ife vinyo wothiridwa chotero wasanduka nsembe ya fano. Samwedwa.

A Adina analandira chikho n'kuyankha dalitsolo bwinobwino. Kenako chikho chinapendekeka, chala chija chinagwedezeka kamodzi, ndipo dontho lofiira linagwa pafupi ndi phazi lawo. Anamwa. Atatsitsa chikho m'pamene anaona zimene dzanja lawo lachita. Nkhope yawo inatuwa ngati ufa, ndipo anaponda dontholo ndi chidendene.

Anandipatsira. Amayi anali atatambasula kale dzanja, kudikira kuti ndimwe ndiwapatse.

Ndinangotsegula zala. Chikho chinagwa pansi, phwaa!

"Tiriza! Chikho cha malemu bambo ako!"

"Chaterereka."

"Chaterereka! Manja ako ndi a nsomba? Chikho chinapulumuka ana awiri, chinapulumuka apolisi atagubuduza nyumba yonse, lero chifere m'manja mwa munthu wamkulu wotha kukwatiwa?"

Anakalipa mpaka mphodza zinazizira.

Titatha kudya anandituma kuperekeza mlendo pamakwerero. Titafika pansi, a Manase anaima n'kutsitsa mawu.

"Mwana wanga, uli ndi maso. Inenso ndaona."

"Ndikupita kwa a Dositeyo."

"Ndi chiyani m'manja? Dontho limodzi loti lauma kale? Nkhalamba ija ndi yofewa mtima. Mayiyu adzalira, adzati dzanja linanjenjemera, ndipo iwe udzangokhala mwana wamwano woswa zikho. Achimwene ako anapita chifukwa aliyense ankadikira mnzake kuti achitepo kanthu."

Pamenepo anandigunda pachilonda.

"Ndiye ndichite chiyani, aphunzitsi?"

"Mawa umutsatire. Kazitape sagwira ntchito yekha, uone kumene akupita. Ukamupanikiza adzakuuza kuti ndi wolowa. Onse amatero. Ndiye umufunse kuti anamusambitsa ndani, chitupa anamupangira ndani. Mayinawo ubwere nawo kwa ine, ndifufuze ngati akunena zoona. Kenako tipitire limodzi kwa akulu."

Ndinavomera. Malamulo awiri ndinali nditawamva m'mawa womwewo, ndipo dzuwa lisanapendeke ndinali nditalonjeza kuswa onse awiri.

4. Kuseri kwa mpanda

Mawa lake, titatha kuotcha buledi wa m'mawa, a Adina anauza amayi kuti akukagula sopo. Anafunda nsalu kumutu mpaka kutsala maso okha. Ndinawasiya afike pakona, n'kuwatsatira.

Sopo amagulitsa pakona pomwepo. Iwo anapitirira. Anakwera basi ya kudoko, ine ndinakwera chakumbuyo n'kubisala kuseri kwa mayi wina amene anapanira atsekwe awiri m'khwapa. Anatsika pa kachisi wa Isisi.



Sanalowe pachipata. Anazungulira kumbuyo, kumene mpanda wachitsulo umayang'ana dimba la maluwa, n'kuima kuseri kwa mtengo wa mkuyu. M'dimbamo munali atsikana aang'ono ovala zoyera, akuthyola maluwa okakongoletsa fano. A Adina anagwira zitsulo za mpanda ndi manja onse awiri. Sanaitane munthu. Sanapereke kalata. Ndinadikira ndithu kuti wina abwere, koma sanabwere aliyense, ndipo kudikirako kunandikwana.

Ndinawakoka phewa.

"Sopo wake ndi ameneyu?"

"Tiriza! Tsitsa mawu, chonde."

"Nditsitse mawu? Mwagona pabedi la achimwene anga, mwadya buledi wa amayi anga, mwathira nsembe ya fano patebulo pathu, ndiye ine nditsitse mawu? Akulonjezani chiyani? Mutu wa ndani?"

Analoza m'dimba ndi chibwano.

"Ukukaona kamtsikana ako, ka dengu lalikulu kuposa iko komwe? Kakutsimphina pang'onoko? Ndi mwana wanga, Taisi. Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Nditathawa, bambo wake anamupereka kukachisi kuti milungu iwakhululukire chifukwa cha ine."

"Munati amuna anu anamwalira."

"Ali moyo, amayendetsa ngalawa padoko. Ku Kurene sindinapondeko. Ndinabadwira kuseri kwa mpanda uno, amayi anga ankasesa bwaloli. Dzina langa ndi Isidora. Mumsewu wanu palibe amene akulidziwa. Likudziwika kwa abale a amuna anga, ndi papepala la apolisi la anthu othawa. Ndine wolowa, Tiriza."

"Onse amatero."

"Ndinkachapa zovala m'nyumba ina ya Ayuda. Tsiku lachisanu ndi chiwiri ndinanyamula ndowa monga mwa masiku onse, mayi wa nyumbayo n'kundilanda. Anati, 'Khala pansi. Lero ngakhale bulu wathu sasenza.' Ndinakhala pansi. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo kanali koyamba munthu kundiuza kuti ndikhale pansi. Zinayambira pamenepo."

Anakweza chala chija pakati pa nkhope yanga ndi yawo.

"Mutu unaphunzira zonse. Ichi chokha n'chimene chikukana. Chinayamba kuthira dontho ndili ndi zaka zinayi. N'chifukwa chake ndimachimanga, kuti ndikagwira chikho ndimve mfundo, ndikumbuke. Amayi ako anaiotcha mfundoyo, ndipo Sabata linandipeza chala chili pamtunda."

Kamtsikana kaja kanagwetsa dengu, mayi wina wometa mpala n'kukakoka khutu. A Adina anafinya chitsulo cha mpanda mpaka zala zinayera.

"Chabwino," ndinatero. "Ngati n'zoona, anakusambitsani ndani? Chitupa anakupangirani ndani?"

Nkhope yawo inasintha. Mantha anachoka, n'kutsala chinthu china cholimba.

"Ayi."

"Mukapanda kunena, lero lomwe mugona pamsewu. Tsiku la Kaisara latsala masiku anayi, ndipo apolisi adzayang'ana chidindo chanucho ndi galasi."

"Ndigona pamsewu. Ndikaphwanya miyala. Koma dzina la munthu sulimva pakamwa panga. Masabata awiri ndakhala kwanu. Ndinakufunsapo dzina la wina aliyense? Ndinafunsapo kuti uyo anabadwira kuti, uyo amapemphera ndi ndani? Dzulo tinamva limodzi zimene akulu ananena. Ine wobwera ndasunga, iwe mwana wa m'nyumba ndi amene ukufunsa. Wakutuma ndani?"

Ndinakumbukira a Manase pamakwerero paja.

Tinabwerera basi imodzi, mpando umodzi. Titatsika ndinalowa m'sitolo ya pakona n'kugula sopo, kuti amayi asafunse. Ndikutuluka, ndinapeza a Manase atatsamira khoma.

"Wabwera nawo?" anandifunsa chapansipansi.

"Ndabwera ndi sopo."

Anamwetulira n'kutembenuka. Ola lisanathe, uthenga unafika woti tonse tikufunika kwa a Dositeyo.

5. Dzina

Tinawapeza atakhala pabwalo la nyumba yawo, pansi pa mpesa, miyendo itasanjikidwa pampando. A Manase anali pambali pawo. Amayi anakhala pansi, maso ali psuu, popeza anali atangomva kumene za dontho. A Adina anaima chakukhoma, kachikwama kawo kali m'manja. Anali atalongedza okha, popanda wowauza.

"Tiriza," a Dositeyo anayamba, "a Manase akuti dzulo unaona chinthu patebulo, ndipo lero watsatira mlendo wanu. Lamulo langa lachiwiri linali lotani?"

"Kubwera kwa inu."

"Unabwera?"

"Ayi, agogo."

"Ndiye lankhula tsopano, ndipo uyambe wayeza mawu ako. Ndiwo anene ngati mayiyu agone kwanu lero kapena atuluke mumsewu wathu. Ndikasunga kazitape, anthu mazana asanu ndi atatu asowa popempherera. Ndikathamangitsa wosalakwa, ndamupereka ndekha ku miyala. Ine sindinaliwone dontholo. Iwe unaliona."

Ndinayang'ana a Adina. Anali akuyang'ana pansi. Sanandipemphe kanthu, ngakhale ndi maso.

"Dontho ndinaliona, agogo. Chikho ndinaswa dala kuti amayi asamwe. Kumene anapita lero ndakuona. Zotsalazo ndikuuzani inu nokha, monga munanenera. Koma pamaso pa onse ndikunena izi: achemwali awa si kazitape. Mukawathamangitsa, mundithamangitsire limodzi."

"Iwe mwana!" amayi anafuula.

A Manase anaseka mofatsa. "Akulu, kodi sunagoge yense aime pa mawu a mwana woswa zikho? Anene pompano. Anapita kuti, analankhula chiyani, anatchula ndani. Pano palibe mlendo, tonse ndife amodzi."

"Aphunzitsi," ndinatero, "inu amene mumakonza ngakhale agogo akaphonya liwu, lamulo loyamba linadutsa bwanji m'makutu mwanu? Dzulo pamakwerero munandituma mayina. Lero pakona mwandifunsa mayina. Pano mukufunanso mayina. Mukufuna mukawaphike?"

"Tamverani mwano!"

"Si mwano, ndi funso. Iwo sanafunsepo dzina la munthu chifikireni. Inu mwafunsa katatu pa masiku awiri."

A Manase anaimirira. Mawu awo osalala aja anang'ambika, ndipo kanali koyamba kuwamva chotero.

"Ine ndikuteteza nyumba ino, iwe ukuteteza munthu wa mafano! Akulu, musamumvere. Isidora wamuzunguza mutu mwanayu, sakudziwa chimene akunena!"

Kachikwama ka a Adina kanagwa pansi.

Amayi anayang'ana uku ndi uku, osamvetsa kuti akunena ndani. A Dositeyo anali akusisita ndevu. Dzanja lawo linaima, kenako linapitiriza ngati palibe chachitika.

"Ndamva," anatero. "Mayiyu abwerera kwa a Hulida. Kuyambira lero ndi mlendo wanga, womukhudza wakhudza ine. Tiriza atsale, ndili naye mlandu wa lamulo lachiwiri. A Manase, zikomo chifukwa cha maso anu. Pitani mukapume, mawa muli ndi ntchito."

A Manase anawerama mwaulemu n'kutuluka. Amayi anatola kachikwama kaja, anakapukuta fumbi, n'kugwira a Adina dzanja. Linali lamanja lomwe lija.

"Tiyeni, achemwali, mtanda wa madzulo sudzikanda wokha," anatero.

Titatsala awiri, a Dositeyo sanakweze mawu.

"Dzina lija ndi lake?"

"Inde, agogo."

"Unauza ndani?"

"Palibe. Ndalimva lero lomwe, kuseri kwa kachisi. Anati mumsewu muno palibe akulidziwa, koma lili papepala la apolisi."

A Dositeyo anatsinzina.

"Dzulo ndinakuchenjezani za munthu wosalakwitsa, iye atakhala pampando umene ndinamupatsa ndekha, pafupi ndi wanga. Iwe unalakwa, mwanawe, ndipo usaganize kuti ndaiwala. Ukali wako a Manase anaugwira ngati chogwirira cha mpeni, ndipo kukadapanda kuti mayi uja anakana kutchula mayina, bwenzi lero utapereka anthu amene sunawaonepo. Koma ine ndalakwa kuposa iwe."

"Ntchito ya mawa imene mwanena ija ndi yotani?"

"Mawa m'mawa olowa asanu akasambitsidwa kunyanja. Mboni yake ndinasankha a Manase. Malo akuwadziwa, nthawi akuidziwa. Mayina okha ndi amene sindinawapatse, ndipo mawa sadzawafunanso, chifukwa adzaona nkhope."

"Tiwaimbire lamya."

"Mawaya amadutsa m'nyumba za boma."

Anayang'ana miyendo yawo yotupa, kenako anayang'ana dzuwa, limene linali litatsala pang'ono kukhudza nsanja ya padoko.

"Zaka makumi atatu sindinatchulepo dzina la wolowa. Malemu akazi anga anapita osamva ndi limodzi lomwe. Tseka chipata, Tiriza, ubwere ukhale apa. Ndikuuza mayina asanu kuti ukawachenjeze usiku uno asapite kunyanja, ndipo suwalemba paliponse."

Ndinapita kukatseka. Ndikukoka chitsulo, ndinasuzumira pamng'alu wa matabwa. A Manase anali asanapite. Anaima tsidya la msewu, akusenda lalanje pang'onopang'ono, maso ali pachipata chathu.